Tsiku Limene Ndinamanga Thewera Kukamwa

Nkhani iyi ndaisunga m'mimba nthawi yaitali, chifukwa masiku amenewo ukanati uinene pachitsime, madzulo ake ukanagona kwina. Tsopano poti pakamwa pathu panamasuka, ndiloleni ndikuuzeni mmene ndinatsalira pang'ono kusiya mwana wa kubere chifukwa cha thewera. (Inde, thewera lenileni la mwana. Musaseke kaye, poseka pali kutsogolo.)

Chinali chaka chimene kolera anavuta kwathu kuno ku Chia. Mwana wanga woyamba, Esinati, anali asanayambe n'kukwawa komwe. Azaumoyo anazungulira midzi ndi lamulo la boma: madzi akumwa aziwiritsidwa, zophikaphika pamsika zileke, ndipo pakhomo pa sitolo iliyonse pakhale beseni la madzi a mankhwala, aliyense asambe m'manja asanalowe. Tinamvera. Nanga nthawi ya chipani chimodzi panali wosamvera?

Koma a Bwanali, eni golosale yokhayo yapafupi ndi kwathu, anaonjezerapo lawo. Anati aliyense wolowa m'sitolo mwawo amange kansalu kukamwa ndi kumphuno. Azaumoyo anawauza kuti kolera sayenda ndi mpweya, amayenda ndi madzi ndiponso manja akuda. Iwo anangoti, "Munamuona akuyenda?" Bambowa anali atataya mwana ndi chifuwa chaka cham'mbuyo, ndiye pamaso pawo tinkangoti chete, koma kuseri tinkang'ung'udza. Pa ong'ung'udzawo ine ndinali patsogolo. Ndinkati mkuluyu akungofuna kuti tizigula mipango yake, basi.

Ndifotokoze kaye za matewera athu. Sanali ogula ayi. Apongozi anga atabwera kuchokera ku Dwambazi kudzandithandiza ndili m'chikuta, anatenga nsalu zakale n'kuzing'amba kukhala matewera. Maso awo anali atayamba kale kuchita nkhungu. Pa nsalu zimene anang'ambazo panali chitenje changa chakale cha chipani, chija tinkavala pokavina kumisonkhano, chokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko. Ndinati ndiotcha tsiku lomwelo. Koma nsalu inali yosowa, ndipo zidutswa zimenezo zinali zofewa kuposa zonse, mwana sankatupa nazo. Ndiye ndinadziuza kuti ndizingopinda bwinobwino, nkhope izikhala mkati, adziwa ndani? (Umphawi ukakhala pampando, nzeru imakhala pansi.)

Tsiku limene ndikunenali sopo anali atatha m'nyumba, moti matewera ndinali nditangowasukuluza ndi madzi okhaokha. Ndinabereka Esinati, n'kuponya thewera limodzi lapadera m'kathumba, ulendo wa kwa a Bwanali.

Ndinapeza pakhonde pali anthu ndithu, mkangano uli pakati. Amene ankatsogolera anali Lufeyo, mnyamata wa chipani wa malaya ofiira, amene ankaima pachipata cha msika kuona makhadi a chipani. Lufeyo ndinaphunzira naye sitandade folo, ndipo ankalira akamenyedwa ndi rula, koma malaya aja atamulowa, ngakhale akuluakulu ankamuvulira chipewa.

"Bambo Bwanali," anatero Lufeyo, "dziko lino lili ndi boma limodzi. Boma lati beseni. Inu mphamvu zoika lamulo lachiwiri mwazitenga kuti? Wotiteteza ndi boma, osati golosale."

A Bwanali anayankha ali kuseri kwa kauntala, mawu akutulukira m'kansalu koyera. "Mwana wanga, beseni la boma ndi ilo, ndaliika, madzi ndasintha m'mawa uno. Koma kuyambira pachitseko kulowa muno, malatawa ndinakhoma ndine. Kodi kunyumba kwanu boma limakuuza mbali yogonera?"

Msodzi wina anakuwa ali pakhonde, "Ndiye mawa mudzati tizivula nsapato ngati kumzikiti!"

"Iwe uli nazo nsapato zake?" anatero a Bwanali. Khonde lonse linaseka, kupatula Lufeyo.

Ine ndine munthu woleza mtima. Ndinaima pambali kudikira kuti atope, koma amuna akayamba kukangana za malamulo, dzuwa limatha kulowa. Esinati anayamba kudzipotokola kumsana. Ndinasamba m'manja m'beseni muja, ndipo pamenepo ndi pamene ndinakumbukira kuti mpango ndaiwala. Duku sindikanavula, chifukwa tsitsi linali lolukidwa mbali imodzi yokha, mbali inayo ili ngati chisa cha mpheta. Ndiye ndinapisa dzanja m'kathumba, n'kutulutsa thewera lija, kulikung'untha kamodzi, n'kulimanga kukamwa osaliyang'ana. Fungo lake linandipatsa moni nthawi yomweyo, koma ndinati ndipirira, n'kanthawi kochepa.

Ndinalowa. "Odi, bambo. Ndikufuna sopo wochapira."

A Bwanali anandiyang'ana, maso awo n'kukula ngati a kadzidzi. Anang'ung'udza kapemphero pansipansi. Ine ndinaganiza kuti ndi fungo lija, manyazi n'kundigwira. Kenako ndinamva kuti pakhonde pati zii. Pakhoma panali kalilole wogulitsa, ndipo ndinaponyako maso. Pokung'untha paja mapindo onse anali atamasuka. Patsaya langa panali diso limodzi la mtsogoleri wa dziko, khutu lake lili pamphuno panga, theka la nkhope yake litang'ambika pakati penipeni.

Lufeyo analowa pang'onopang'ono.

"Amake Esinati, chimene mwamangacho n'chiyani?"

Sanadikire n'komwe kuti ndiyankhe.

"Ndani wang'amba nkhope imeneyi? Mukudziwa kuti ndi mlandu? Tiyeni ku ofesi ya chipani, mukafotokozere komweko."

Abale anga, tonse tinkadziwa anthu amene anapita kukafotokoza nkhani zazing'ono kuposa iyi, n'kutha miyezi osaoneka. Ine ndinangoganiza za Esinati. Akandisunga kumeneko ayamwa chiyani? Ndikatchula apongozi, nkhalamba yosaona bwino, ndiye kuti atengedwa ndi iwo.

Ndiye a Bwanali anatsokomola pang'ono. "Lufeyo, si iwe umanena posachedwapa kuti wotiteteza ndi boma lokha? Mayiyu wakumvera. Chitenje chake chatha ndi kuvina kumisonkhano, koma kachidutswa kotsala wakana kukataya. Wakaika pamalo aulemu, pankhope pake penipeni, kuti kamutchinjirize ku matenda. Tsono iwe ukufuna akavule akaponye pansi? Nena momveka, anthu awa amve."

Lufeyo anayang'ana kukhonde, anthu onse maso ali pa iye. Kenako anafwenthera mphuno. "Nanga kakununkha bwanji chonchi?"

"M'sitolo muno muli usipa, palafini ndi fodya wa chingambwe," anatero a Bwanali. "Mphuno yako yasankhapo chiti?"

Ndinati ndapulumuka. Koma Esinati anali ndi maganizo ake. Ndinangomva kumsana kwatentha, madzi n'kutsika mpaka m'chiuno, mwana n'kuyamba kukuwa. Pamenepo ndinakumbukira chinthu china: thewera limene anavala m'mawa umenewo linali theka linalo la nkhope ija.

Ndipo mukudziwa kuti pamavuto sipasowa munthu wachifundo. Mayi wina wapakhonde anathamangira mkati. "Mutsitseni mwanayo, amake Esinati, apsa ndi mkodzo! Bwerani ndikuthandizeni kumusintha." Anayamba kale kumasula mfundo ya mbereko, Lufeyo ali chilili pompo.

Mayi Mwanaisha, akazi a a Bwanali, anali akupima mchere chapakona. Kaya anaona kansonga ka nsalu katatuluka pantchafu ya mwana, kaya anangowerenga maso anga, sindikudziwa. Anangodumpha n'kumulanda Esinati m'manja mwa mayi uja, kumukulunga ndi mbereko yonse.

"Iyayi! Lamulo la sitolo ino, mwana sasinthidwa pamaso pa zakudya. Kuseri! Nanunso amake, tiyeni."

"Eya," anatero a Bwanali osaphethira n'komwe, "lamulo limenelo lilipo." (Linabadwa nthawi yomweyo, ine ndikuona.)

Lufeyo anati atitsatire. A Bwanali anatsekereza ndi mkono. "Kuseri n'kwa azimayi, mwana wanga. Komanso iwe walowa muno pakamwa pali pamtunda. Umange kaye, ndikubwereke mpango?"

Msodzi uja anakuwanso, "Mangani, achimwene, muoneke bwino!" Anthu anaseka, ndipo Lufeyo anatuluka akunena kuti ali ndi ntchito yoona makhadi, alibe nthawi yocheza ndi anthu osaphunzira.

Kuseri kuja mayi Mwanaisha anamasula thewera la Esinati. Diso linalo linatiyang'ana lili chinyowere. Mayiwo anadzigwira pakamwa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka, misozi ikutsika, koma osatulutsa mawu ngakhale pang'ono. Ine ndinkalira zenizeni. Anatenga zidutswa zonse ziwiri n'kuziponya pamoto pamene ankawiritsa madzi, kenako anang'amba thumba loyera la ufa wa tirigu n'kumumanga mwana.

"Mwana wanga," anatero, "zotsala kunyumba uotche lero lomwe. Ndipo ine sindinaone kanthu."

Ndinaotcha. Apongozi anadandaula kuti ndikuononga nsalu zabwino.

Za mkangano uja, mpaka lero sindinganene kuti wolondola anali ndani. Azaumoyo ankanena zoona, kolera sayenda ndi mpweya, ndipo beseni lija linatithandiza. Koma lamulo limene ndinkalinyoza pachitsime ndi lomwe linaima pakati pa ine ndi ofesi ija. Kuyambira tsiku limenelo, pa anthu omanga kukamwa kwa a Bwanali ine ndinkakhala woyamba, ndipo mpunga wanga ukacha, mbale yoyamba inkapita kwa mayi Mwanaisha. A Bwanali sanaitchulepo nkhaniyi. Ankangoti akandiona, "Amake Esinati, lero mwatibweretsera ndani?"

Mwina mukuti ndinaphunzirapo. Chabwino, pang'ono. Masiku ano zipani zachuluka, ndipo chilichonse chikabwera kuno chimagawa zitenje zaulere, nkhope zosiyanasiyana, nsalu yofewa bwino. Mwana wanga wotsiriza akadali pa matewera, ndiye musandifunse zambiri. Chimene ndinasintha n'chakuti mpango sindiuiwalanso, ndipo chilichonse chimene ndikufuna kuika pankhope ndimayamba ndachitembenuza mbali zonse ziwiri.