Mphoto Yathu ya Nkhani Zakuphana

Lolemba
Mvula. M'basi ya ku Maryhill ndikulota ndili maso. Ku laibulale ndawerenga mmene eni dziko kuno akhala akusankhira buku lopambana la nkhani zaupandu kuyambira kale: mndandanda wautali, waufupi, oweruza, kenaka nyali ndi kuwomba m'manja. Nafenso Amalawi a kumpingo tili ndi mpikisano wathu, ndinauyambitsa ndine. Watsekedwa lero. Nkhani zinayi, zopanda mayina. Imodzi ndi yanga, palibe akudziwa. Ndikudziona m'diresi lobiriwira, kamsozi kali m'diso.

Lachiwiri
Oweruza:
a Banda, mkulu wampingo, poti kuwasiya n'chipongwe;
mayi Nyirenda, namwino, mitembo amaidziwa;
Tadala, wa ku yunivesite.
Mndandanda wautali: zinayi. Waufupi: zomwezo.

Lachitatu
A Banda sakufuna nkhani imene wakupha salapa. "Mwanangu, tizipereka mphoto kwa Satana?" Ndati zikomo bambo. Mumtima ndikuwira.

Lachinayi
Chinsinsi chatha! Mayi Nyirenda atizindikira tonse. "Iyi ndi yanu, asisi. Ndani wina angalembe masamba asanu za chifunga cha pangalande?" Komatu chifungacho n'chokongola.

Lachisanu
Ndikuwerenga zinazo koyamba. Ophedwa:
mayi wa jekete yofiira;
mayi wotumiza mauthenga pagulu la pafoni anthu asanadzuke;
mayi wokonza rota yosinthana kuphika tiyi kumpingo, wa jekete yofiira.
Jekete yanga ili apa pachitseko. Mayo ine!

Loweruka
Tadala pafoni: "Anti, musadandaule, ndi fikishoni basi, zongopeka." Akutinso yanga yachotsedwa, simufa munthu. Ndikuyenda m'mbali mwa ngalande kukaona pamene andiponyera m'nkhani yachitatu. Abakha awiri, madzi ali zii. Malo abwino ndithu. Koma zandiwawa, ndisaname.

Lamulungu
Mapemphero atha, mphoto ndikupereka ndekha: kapu ndi maluwa. Apambana ndi mayi Gondwe, mnzanga wa m'kwaya, amene andikankhira m'madzi. Wakupha wawo amalapa, a Banda mano ali panja. Mayi Gondwe akuwerenga mokweza za maliro anga a m'nkhani yawo: anthu afika mochedwa, mipando palibe, tiyi palibe, aliyense akuyang'ana bokosi ngati lingawauze chochita. Mpingo ukuseka mpaka misozi. Nanenso misozi, yanga sindikudziwa ndi yamtundu wanji.
Potuluka mayi Gondwe andigwira dzanja. "Asisi, nanga rota ya mwezi wamawa?"
Ndati ituluka mawa.