Zibuma Zipite kwa Amalume Awo

M'mudzi wina umene dzina lake tilibisa, poti eni ake ngosachedwa kupsa mtima, munagwa mliri wa kumanga. Aliyense amene mwana wake anatumiza kangachepe kuchokera ku Joni ankagumula nyumba ya makolo n'kuyamba ina ya chimbudzi cha m'kati. Zotsala zake, ndikunena zibuma, maduka a njerwa, zidutswa za matailosi, malata opindika ndi zitini za penti, ankakazikhuthula kumtsinje, mpaka achule anasamuka osatsazika.

Nkhaniyi inawakhudza kwambiri a Dokotala Kaphwiti, Wolemekezeka Wapampando wa Komiti Yaikulu Yoona za Ukhondo, Chitukuko ndi Zina Zotero. Udokotalawo anautola pamsonkhano wina wa kuhotela, choncho odwala asawavutitse. Anaitanitsa mudzi wonse n'kukumbutsa anthu kuti mwana akaba mbuzi, mlandu umapita kwa amalume ake, pakuti nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Chimodzimodzi chinyalala chilichonse cha pachimango chizibwerera kwa amene anachipanga, iyeyo ndiye mwinimbumba wake. Amayi anaimba nthungululu, ndipo kunena zoona lamulolo linali labwino.

Tsono wopanga wamkulu m'dera lonselo anali kampani ya Mwala Sugwa, ya simenti, mabuloko, matailosi ndi malata. Kampaniyo inatumiza a Gondoloza, Mkulu Woyankhula M'malo mwa Akuluakulu, munthu wa mawu oterera ngati therere. Anayamba ndi kudyetsa komiti yonse nkhuku yootcha, kenaka anayamikira lamulolo mpaka misozi kulengeza m'maso. Vuto linali limodzi lokha.

"Katundu wathu amapita pachitengwa," anatero a Gondoloza. "Wogula analowola, ife tinalandira, mwana anapita kwa mwamuna. Kodi mkazi wolowoledwa akaswa mbale, zidutswa amazitumiza kwawo?"

Komiti inagwedeza mitu uku ikunyambita zala. Wapampando, amene mpanda wa nyumba yawo unkakwera ndi mabuloko a kampaniyo popanda womva za mtengo wake, anati mfundoyo ndi yozama. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Koma lamulo likabadwa limafuna munthu woti limugwire, apo ayi anthu amaliseka. Atafufuzafufuza anapeza wopanga wina, a Lufeyo Chimkango, woumba njerwa wa chikombole chimodzi. Bamboyu ankaumba m'chilimwe, mvula ikagwa n'kubwerera kukamunda ka kuseri kwa nyumba, kamene kankadyetsa iwo, akazi awo a Nangozo ndi adzukulu. Kupatula kamundako analibenso pena poponda. Njerwa zawo, komiti inatero, sizinalowoledwe, chifukwa ambiri ankazitenga pachibale. Zinali za chikamwini, ndipo mwinimbumba wake anali pompo.

Abale inu, mudzi sunagwirizanepo ngati tsiku limenelo. Ngolo, mawilibala ndi madengu zinandandana kuchokera kumtsinje, anthu akuimba ngati akuperekeza mkwatibwi, ndipo zonse zinakatsikira m'munda mwa a Lufeyo. Iwo anayesa kudandaula kuti chibadwire sanaumbepo tailosi, ndipo malata amangowaona pamadenga a anzawo. Wapampando anawayankha modekha kuti mwinimbumba weniweni sasankha ana, amalera ndi obwera nawo omwe.

A Nangozo analira, ndipo sanabise. Mitambo inali itayamba kusonkhana, anzawo akugalauza, koma iwo munda wawo unali phiri la zibuma. Atatopa kulira anapita kukabwereka nyundo ziwiri, imodzi n'kupatsira amuna awo.

"Bambo, mlandu tidzadandaula titakhuta. Tiyeni tiswe."

Anaswa. Dzuwa la Okutobala likuwotcha pamsana, anaphwanya mabuloko ndi konkire kukhala timiyala tofanana, anawongola malata, anapatula maduka abwino. M'manja munatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika, pamwamba pake n'kutulukanso ena. Pang'ono ndi pang'ono milu yooneka bwino inaima m'malire, nthaka inaonekanso, ndipo banjalo linaunga mizere. Amisiri omanga anayamba kudutsira pomwepo, kumafunsa ngati timiyalato tingapezeke pothira maziko. Kwa nthawi yoyamba a Lufeyo anamveka akuimba mluzu.

Mluzuwo unamveka patali. M'mawa wina malole a Mwala Sugwa anatulukira, pambuyo pake galimoto ya Wapampando, pambuyo pakenso atolankhani ndi makamera awo. A Gondoloza anatsika atavala chipewa cholimba ndi mabuti osadziwa matope, anaima pamulu waukulu kwambiri n'kulengeza kuti kampani yasinkhasinkha, chikumbumtima chaigwira, ndipo yabwera kudzamvera lamulo.

A Lufeyo anafunsa mwaulemu, chipewa chili m'manja, ngati ana aja sanali olowoledwa.

"Magazi ndi magazi, achimwene," anayankha a Gondoloza. "Mwana ngakhale akwatiwe kutali bwanji, kwawo sataya."

Anapakira timiyala tonse, malata owongoka ndi maduka abwino omwe, ngakhale aja otuluka m'chikombole cha a Lufeyo. Zitini za penti, magalasi osweka ndi matumba ong'ambika anazisiya, akuti zimenezo zinatengera kuchimuna. Potembenuka, malole anadutsa m'mizere ija n'kuisalaza bwinobwino, munda unalimba ngati bwalo la mpira. 

Pamwambo umene unachitikira pomwepo, kampani inalandira chikho cha Bwenzi la Chilengedwe. Wapampando anayankhula nthawi yaitali, n'kumaliza ndi uthenga wabwino. Popeza malowa aonetsa kuti ngoyenera, komiti yagamula kuti kuyambira tsiku limenelo mundawo ukhale Likulu Losamalira Zotsala za Pachimango, mudzi wonse uzitayira pamenepo, kampani izidzatenga zikaswedwa. A Lufeyo anawakweza kukhala Mwinimbumba Wamkulu wa Zibuma Zonse, udindo waulemu umene sudetsedwa ndi malipiro.

Anthu akuwomba m'manja, madontho oyamba a mvula anagwa, fungo la dothi linakwera. A Nangozo anayang'ana mbewu yawo ya chimanga imene inali m'lichero pakhonde, anayang'ananso wilibala yoyamba imene inali italowa kale m'munda, ndipo anafunsa Wapampando kuti nanga iwo abzale pati.

Wapampando anamwetulira, nati komiti siiwala anthu ake. Anakodola a Gondoloza, amene anapereka kwa banjalo mphatso yolemera, yokutidwa m'pepala lonyezimira, makamera akuthwanima. A Nangozo anamasula. Munali nyundo ziwiri zatsopano.