Chidindo Chimene Ndinati N'cha Madobadoba

Lolemba

Lero ndakwezedwa udindo popanda kalata. Nasreen, mnzanga wa kuntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Smethwick, kuno ku Mangalande, wandikokera pambali nthawi ya tiyi. Msuweni wake Bilal, namwino wa ku Pakistan, wapeza ntchito ku Wolverhampton. Viza yatuluka, tikiti yagulidwa, anyamuka Loweruka, ndipo Lolemba likubwerali akuyenera kuyamba ntchito. Nasreen anabadwira konkuno, viza sanaionepo n'maso komwe. Akuti, "Iwe unadutsamo zonsezi, tamuonera mapepala ake asalakwitse kanthu."

Ndavomera asanamalize kulankhula.

Zondiyenereza:
– viza yanga ndinaipeza ndekha, mothandizidwa ndi mapemphero a amayi a kutchalitchi
– Tadala, amene ndimakhala naye nyumba imodzi, mafomu ake ndinadzaza ndine
– ndili ndi chikwama cha mapepala chokhala ndi zipi, chogula!

Madzulo Bilal watumiza zithunzi za mapepala ake. Zonse zilipo: kalata ya abwana, ya chifuwa chachikulu, ya apolisi, ya mayeso a Chingerezi. Koma akuti kwatsala chimodzi. Amalume ake akumuuza kuti apite ku ofesi ina mumzinda, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera kumudzi kwawo, akamudindire m'pasipoti chidindo chotchedwa purotekita. Akuti aliyense wopita kukagwira ntchito kunja amadinditsa.

Ndaseka mpaka Tadala wasuzumira pakhomo. Chidindo cha chiyani? Ine ndinakwera ndege ku Lilongwe ndi viza yokha basi. Izi n'za madobadoba! Ndimawadziwa anyamata aja oimirira panja pa ofesi ya mapasipoti, envulopu kukhwapa, kunamiza munthu kuti popanda iwo fomu siyenda. Mmodzi anandidyerapo ndili mbuli. Kachiwiri ayi, ngakhale akhale wa ku Pakistan.

Lachiwiri

Ndatumizira Bilal uthenga wa mawu, mphindi zisanu ndi zinayi, m'Chingerezi changa chapaukwati. Mfundo zake: asapite ku ofesiko, asapatse munthu pasipoti yake, asakhulupirire aliyense wonyamula envulopu.

Wayankha msangamsanga: "Zikomo Anti, Mulungu akudalitseni." Akuti wasangalala, chifukwa mayi ake amafuna masiku otsalawa akhale pakhomo, osati m'mabasi.

Anti! Ine amene dzulo lomweli ndimapukuta phala pachibwano cha agogo a anthu, lero ndine Anti wa dziko lina.

M'basi pobwerera ndakonza tsogolo langa lonse:
– kaofesi kakang'ono mumsewu wa masitolo wa Cape Hill, pamwamba pa sitolo ya nsalu
– mpando wozungulira
– shifiti ya Loweruka kuisiyiratu

Tadala akuti, "Iwe, kuadivayiza anthu za viza opanda laisensi ndi mlandu kuno, ukudziwa?" Nsanje basi. Munthu amene ndinamudzazira ndekha mafomu!

Lachitatu

Amalume aja sakugonja. Akuti anagwira ntchito zaka zambiri ku Dubai, ndipo popanda chidindocho mwanayo akamubweza pa eyapoti. Nasreen wandionetsa uthengawo nkhope ili ndi nkhawa.

Ndatsegula tsamba la boma la kuno lonena za viza. Ndawerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, kawiri, chala chikulondola mzere uliwonse. Purotekita mulibemo! Ndajambula tsambalo n'kutumiza, ndi mawu akuti, "Auzeni amalume kuti zimenezo n'za opita ku Arabu. Kuno n'ku Mangalande."

Kumudzi kwa Bilal akuti anakhala pansi banja lonse kukambirana. Mbali ina amalume, mbali ina chithunzi changa cha tsamba la boma. Ndapambana ndine! Amalume angoti, "Chabwino, ine ndanena," n'kudzuka kukaona njati zawo zoweta.

Ndawamvera kachisoni pang'ono madalawo. N'zowawa kupitiriridwa ndi nthawi.

Mayi ake a Nasreen anditumizira mpango wobiriwira wa timikanda m'mphepete. Loweruka kuli phwando lolandira Bilal, anthu makumi anayi, ndipo akuti ine ndikakhala pambali pawo. Ndauyesa pagalasi katatu. Ukundikhala, sindinama.

Lachinayi

Mvula. Basi yandisiya ndikuiona, ndiye ndakwera takisi. Woyendetsa ndi bambo wa ku Pakistan, wa ndevu za imvi. Pakamwa panga posakhala chete, ndayamba kudzitama za Bilal: namwino, viza, Loweruka, zonse m'manja mwanga.

Wandiyang'ana pagalasi. "Purotekita wadinditsa?"

Ndamufotokozera mwaulemu kuti zimenezo n'za ku Arabu.

"Ayi mlongo, popanda chimenecho sakwera. Mwana wa mchimwene wanga anadinditsa, ndipo ankabwera konkuno."

Ndamulipira msangamsanga. Ndatsika osamva n'komwe kuti mvula ikugwa.

Kuntchito Nasreen wandikumbatira, akundionetsa mabuluni olembedwa dzina la Bilal. Ndatsegula pakamwa kuti ndimuuze. Zimene zatuluka n'zakuti, "Tiyi wa lero wazizira bwanji."

Zifukwa zosadera nkhawa:
– oyendetsa takisi amadziwa chilichonse, ndiye kuti sadziwa kanthu
– mwina ndi mnzawo wa amalume aja
– tsamba la boma silinganame
– mpango ndauvala kale, wayamba kununkhira mafuta anga

Chachinayicho si chifukwa, ndikudziwa. Koma ndi chimene chikundiletsa kuulula.

Lachisanu

Nthawi ya nkhomaliro ndadzitsekera m'chipinda chochapira zovala ndi foni yanga. Ndafufuza, ulendo uno osati za boma la kuno koma za boma la kwawo.

Chilipo.

Chidindocho chilipo ndithu, ofesi yake ilipo, lamulo lake lilipo. Wopita kukagwira ntchito kunja kulikonse amayamba walembetsa kumeneko. Tsamba la kuno likananena bwanji za lamulo la eni ake? Ndinakafunsa kwa aneba za malamulo a m'nyumba ya wina. Ndipo chopweteka kwambiri n'chakuti chidindocho anachiika kuti chiteteze anthu awo kwa madobadoba enieniwo. Sabata yonseyi dobadoba ndi mmodzi yekha, wa chikwama cha zipi.

Ndayang'ana nthawi. Kuno ndi masana, kwawo dzuwa lapendeka kale. Ofesi yatsekedwa mpaka Lolemba. Ndikuchita manyazi moti ngakhale makina ochapira akuoneka ngati akundiyang'ana.

Uthenga wopita kwa Nasreen ndaulemba kanayi:
– woyamba wautali, wokhala ndi vesi
– wachiwiri woimba mlandu maboma onse awiri
– wachitatu wongoti "Tilankhulane"
– wachinayi kankhope kolira kokha

Onse ndafufuta.

Tadala akuti, "Tangomuimbira, mwana iwe. Ukamadileya ndiye ziipiratu, seriously." Ndamuyankha kuti ndikupempherera kaye nzeru. Pemphero lake ndi ili: Ambuye, munatsegula maso a akhungu ambiri, mawa tsekaniko a munthu mmodzi yekha pa eyapoti, mphindi ziwiri zokha.

Sindikukhulupirira kuti pemphero lotere limadutsa ndi denga lomwe.

Loweruka

M'mamawa ndili kale kwa a Nasreen, mpango paphewa, ndikudula anyezi. Mapoto a mpunga aakulu ngati mabafa. Azimayi akuimba m'chilankhulo chawo, ndipo aliyense wolowa akumulozera ine. Ndikumwetulira ngati mkwatibwi wa pachithunzi.

Foni ya Nasreen yalira. Wamvetsera nthawi yaitali, kenako wakhala pansi pa thumba la mpunga.

Bilal anaperekezedwa ndi mudzi wonse, maminibasi awiri, maluwa m'khosi mpaka m'makutu. Wa pa eyapoti anatsegula pasipoti, anatembenuza masamba onse modekha, n'kumubwezera. Maso ake anali otsegula bwinobwino. Ndege yapita ndi mpando wopanda munthu.

Amalume analipo. Akuti sanalankhule ngakhale liwu limodzi, anangonyamula sutikesi n'kuibwezera m'minibasi. Bola akanatukwana!

Nasreen wauza onse a m'khitchini. Anthu khumi ndi awiri akuyang'ana mpango wobiriwira. Misozi ikutsika, ndipo mwamwayi anyezi ali pafupi woti n'kumunamizira. Ndanena kuti ndili ndi shifiti. Nasreen akudziwa bwino kuti ndilibe, ndandanda wake ndi wanga ndi umodzi.

Ndayenda Cape Hill yonse wapansi. Pamwamba pa sitolo ya nsalu paja pali kale ofesi ya munthu wina, wa laisensi.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndaganiza zopepesa ngati kwathu: nkhuku m'manja, mawondo pansi. Yamoyo kuno sungaipeze, ndiye ndagula yosendasenda ku butchala ya Asilamu, yaikulu kuposa zonse.

Ndafika, ndagwada pakapeti pamaso pa mayi ake a Nasreen, nkhuku ili m'jumbo, ndikuikweza ndi manja awiri. Iwo akuwa kuitana anthu, akuganiza kuti ndakomoka. Nasreen wawafotokozera kuti ndi mmene timapepesera kwathu. Ayang'ana nkhukuyo, ayang'ana khitchini yodzaza chakudya cha anthu makumi anayi chimene sichinadyedwe, ndipo aseka mpaka kupukuta misozi. Andidzutsa okha, bondo langa lamanzere likukana.

Nkhani zilipo ziwiri. Mawa mbandakucha Bilal anyamuka kupita ku ofesi ija, amalume ali patsogolo. Abwana a ku Wolverhampton akuti amudikira sabata imodzi, kupitirira apo salonjeza kanthu.

Ndinayamba kuganiza kuti ndapulumuka. Koma Nasreen sanaseke nawo. Wandiperekeza mpaka pakhomo, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Unadziwa liti?"

Bodza linali kale pamlomo, lokonzakonza. Ndalimeza. Ndamuuza kuti Lachinayi m'mawa ndinamva kwa wa takisi, Lachisanu ndinatsimikiza.

"Lachinayi," watero. "Akananyamuka tsiku lomwelo, Lachisanu m'mawa akanadinditsa. Kulakwitsako sindikukuimba nako mlandu, ndinakupempha ndine. Koma ndinakukumbatira iwe ukudziwa."

Watseka chitseko pang'onopang'ono, osachimenyetsa.

Lero ndilibe mndandanda wa mfundo woti ndilembe. Mawa tili pa shifiti imodzi kuyambira seveni koloko, ndipo agogo a m'chipinda chachinayi sanyamulidwa ndi munthu mmodzi. Iye adzagwira kumutu, ine kumiyendo.