Chitsa cha a Chimphepo

Iwe Felesiya, tachotsa tizingweto m'makutumo. Sukulu yonse ija, mpaka lero sudziwa pomwe munda wa amako ukuthera. Khala pansi.

M'mudzi wina, dzina ndakubisira dala, anthu adatentha makala mitengo yonse mpaka khwangwala kusowa potera. Malire a minda adangotsala palilime basi. Tsono a Layitoni Chimphepo lilime lawo linali lalitali. Chaka chilichonse linkanyambita bedi limodzi la dimba la Anachanza, mayi wamasiye woyandikana nawo.

Anachanza ataona kuti dimba likutha, adakadandaula. Kudabwera bwana, Mkulu Woyeza Malo ndi Kuwerenga Zaka za Zitsa, tayi pakhosi, dzuwa likuswa mtengo, ngakhale mtengowo panalibe.

"Anthu mumanama, chitsa sichinama," adatero bwanayo. "Kamzere kamodzi kozungulira m'kati mwake, ndiye chaka chimodzi. Amene andionetse chitsa cha makolo ake, malire ndi pomwepo. Ndibweranso Lachisanu."

A Chimphepo masiku atatu ali kumanda, ati akulambula pomwe adagona mayi awo. Pobwerera ngolo ikulira, pamwamba athirapo manyowa. Lachisanu kukucha, chitsa cha muwanga chili pakati pa mpiru wa Anachanza, mabedi asanu m'kati, chakhazikika ngati chidabadwira pompo.

Bwana adagwada, nawerenga ndi nsonga ya bolopeni. "Zaka nayinte folo."

"Adabzala ndi agogo!" a Chimphepo kudziguguda pachifuwa. "Kuchoka apa mpaka pakhonde panga inali miwanga yokhayokha."

"Mulumbira?"

"Mphenzi inding'ambe!"

A Chimphepo adadinda chala papepala la bwana. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Bwana adatsegula buku lake, nkhope yosaseka. "Dera lino mtengo wopitirira zaka makumi atatu umapezeka malo amodzi okha, poti nkhwangwa zanu zimaopa akufa basi. Choncho kuchoka pachitsa mpaka pakhonde panu ndi manda. Kulima n'koletsedwa."

"Bwana, ndachinyamula ndine! Dzulo lomweli! Funsani ng'ombe zanga!"

"Anthu mumanama, bambo. Chitsa sichinama." Chidindo pamapu, phwa!

Anachanza adawerama, nathyola mpiru wotsiriza m'mabedi asanu aja. "Pepani achimwene. Ine mabedi ndataya, koma anansi ndapeza abwino. Akufa sasuntha malire."

Mwezi usanathe m'mudzimo mudagwa maliro. Adzukulu adafika ndi makasu awo, odi pakhonde, mwaulemu ndithu, kudzafunsa a Chimphepo monga eni malo kuti kodi akumbe pafodya kapena pachimanga.

Ukuseka chiyani? Bwereza yonse ndimve. Ukaphonya zaka za chitsacho, uyambiranso.