Kamphete ka nambala faifi

Mpaka lero ndikamva fungo la mazira okazinga ndimachita manyazi, ndipo mlandu wake ndi wanga ndekha.

Amayi atamwalira ku Ntchisi, abale anagawana mbuzi ndi malata. Ine ndinangopempha thadzi lawo lakuda, lija linapulumuka chitopa katatu nkhuku zonse za m'mudzi zikutha. Ndinabwera nalo ku Area 25 m'katoni, ndipo likamatetera m'mawa ndinkamva ngati Amayi akusesa pabwalo. Ndinkawasowa kwambiri.

Thadzi litayamba kuikira, mdani anali mimba yanga. Ndinkati dzira limodzi silingaphe mtundu, mawa lake chimodzimodzi. Nditaona kuti latsala pang'ono kufungatira, ndinathamanga kumsika n'kugula mazira a nkhuku zachikuda, n'kusakaniza ndi ochepa otsalawo. (Nkhuku siwerenga, ndinadzitonthoza choncho.) Linaswa anapiye asanu ndi atatu, ine n'kumauza achemwali anga pa foni kuti mtundu wa Amayi wachuluka.

Ndiye kunabwera Tadala, mwana wa achemwaliwo, amene amaphunzira za ziweto ku koleji. Anati akufuna magazi a thadzi ndi ana ake.

“Malume, timayang'ana zizindikiro m'majini, tizinthu tija mwana amatengera kwa makolo. Tikaona zimene zikuyendera limodzi ndi kupirira matenda, timajambula mapu osonyeza pamene mphamvuyo yakhala. Ana onsewa ndi ake eti?”

“Onse! Sukuona mayendedwe?” ndinayankha osaphethira.

Anatenga timadontho kuphiko, aliyense n'kumuveka kamphete ka nambala kumwendo. Patapita miyezi iwiri thadzi lija linafa ndi ukalamba. Ndinalira ngati mwana, koma ndinati bola ana alipo.

Tsiku limene Tadala anati akubwera ndi zotsatira, ndinati mlendo wophunzira chonchi sangadyere bonya. Ndinagwira tambala wonenepa kuposa onse, kamphete ndinadula n'kuika pawindo. Tili pakudya, nthutumba ndinampatsa iye monga mlendo. Anapukuta m'manja n'kutulutsa pepala.

“Malume, mapu alephereka. Mwa anapiye aja, asanu ndi awiri si a thadzi la Agogo. Mazira munawatenga kuti?”

Ndinatsokomola. Ndinayamba kunena za nkhuku za aneba zokonda kuikira m'zisa za eni, koma mkazi wanga anandiyang'ana, ine n'kuulula zonse, mpaka za anyezi amene ndinkathira.

Tadala anaseka mpaka misozi. “Musadandaule, mmodzi ndi wakewake. Tikamupezera mathadzi, mtundu upitirira. Nambala faifi ali kuti?”

Ndinatuluka kukayang'ana miyendo ya nkhuku zonse, imodziimodzi, ngakhale mtima unali utadziwa kale. Pobwerera ndinadzera pawindo. Ndinalowa n'kuika kamphete patebulo, pafupi ndi mafupa. Tadala anasiya kutafuna.

Akuti kadontho ka magazi a tambala uja kakadali m'firiji ku koleji, koma kadontho sikalira m'mawa. Nkhuku zisanu ndi ziwiri zija ndikuwetabe, zimatetera bwino ndithu, kungoti mawu ake si aja. Kamphete ndinakaika m'buku la nyimbo la Amayi. Mazira ndinasiya kudya, ndipo pano palibenso amene akundiletsa.