Chilolezo Chokagula Anyezi

Lolemba

M'bindikiro wa mliriwu ukupitirira kuno ku Dubai. Hotela yathu ya ku Marina njotseka, ndiye ine, woperekera zakudya wopanda womuperekera, ndikungozungulira m'kanyumba kathu ka ku Discovery Gardens ngati nkhuku yofuna kuikira. Kuti utuluke uyambe wapempha chilolezo pafoni, ndipo zifukwa zake n'zosankhiratu: chakudya, mankhwala, zadzidzidzi. Za munthu amene watha masabata osakhudzidwa ndi munthu mnzake sanaziikepo.

Koma pulani ndili nayo. Pa kapulogalamu kathu kaja, komwe amuna timapezerana ndi amuna anzathu, pali wina wokhala m'midadada ya pafupi pompano. Nkhope sitiikapo, chifukwa kuno n'zomangitsa ngati kwathu komwe. Iye anaikapo mapewa okha, choncho ndikumutcha a Mapewa. Ine ndinaikapo mkono. Akuti akukhala okha.

Pulani:
- kupempha chilolezo chogula chakudya
- kukumana m'supamaketi Lachinayi
- kupita kwawo
- kubwerera ndi jumbo m'manja, anthu aone kuti ndinakaguladi

Lachiwiri

Vuto loyamba ndi a Mwale, mnzanga wogona naye nyumba imodzi, nesi wochokera ku Chipata. Anagula zinthu ngati kukubwera njala. Mpunga, mafuta, sopo, chilichonse chilipo, ndipo za ine sadziwa kanthu. Ndingatuluke bwanji popanda chosowa? Ndayamba ntchito yomaliza anyezi. Anyezi m'mazira, anyezi m'nyemba, anyezi wosaphika pa buledi. Maso akuchita kuyaka.

“Ba Malawi, anyezi anakulakwirani chani?” akufunsa a Mwale.

Kale zinali zophweka. Kuweruka, kutsegula foni, wina n'kufunsa uli pati, iwe n'kukwera sitima ya Metro. Osafunsana dzina, osamwa ngakhale madzi, aliyense n'kubwerera kwawo. Ndinkati umenewu ndi ufulu, ndipo unalidi ufulu, sindikunama ayi. Lero anthu omwewo, osowa kolowera, akukufunsa ngati wadya. A Mapewa andilembera nkhani yaitali ya kamaluwa kawo ka pawindo kamene kakufota. Ndawerenga yonse, ineyo amene ndinkatopa ndi moni.

Lachitatu

Chilolezo chatuluka! Anyezi watha, palibe angandinene.

Ndadzimeta ndekha ndi makina a a Mwale. Kumbuyo kwatsala chidazi chosakonzekera. Ndivala kapu.

Tsopano tizindikirana bwanji? Ine ndikudziwa mapewa, iwo akudziwa mkono, ndipo m'shopu aliyense amalowa atavala masiki ndi magulovu. Tagwirizana: iwo avala malaya otuwa ndi masiki ya buluu, ine ndinyamula chinanazi.

Andifunsa ngati ndikutsokomola. Ine ndawafunsanso. Kale tinkafunsana za matenda ena, ndipo a matenda amenewo makondomu ndili nawo m'sutikesi. Koma kupuma kulibe kondomu. Ndikuchita mantha, komabe ndipita. Thupi langa latopa n'kukhala katundu wongosambitsa ndi kudyetsa.

Lachinayi

Zalephereka.

Masiki ya buluu ndi ya Dubai yense! Malaya otuwa ndiye musanene. Ndikuyendayenda m'shopu chinanazi chili pamtima ngati khanda, ndikusuzumira mapewa a amuna a eni. Awa ndi aakulu kwambiri. Awa ndi ogwa. Awa akufanana, koma mwini wake akukankha ngolo yodzaza matewera. Bambo wina wachipakistani wandiyang'ana, ine ndamumwetulira, kuiwala kuti kumwetulira kwanga kwathera mu masiki. Iye wangoona maso ofiira ndi anyezi akumutsata, wasuntha msanga.

Ndikufuna kulembera a Mapewa, koma foni siikumva chala cha gulovu. Ndavula gulovu, mlonda wandiona. “Yalla, yalla, my friend,” akundifulumizitsa uku akundilozera kolipirira.

Ndabwera nazo:
- anyezi
- chinanazi
- manyazi

A Mwale atsuka chinanazi ndi sopo, achiyanika pakhonde.

Lachisanu

A Mapewa analipo. Akuti anandiona bwinobwino, munthu wa kapu ndi chinanazi, woyang'anitsitsa aliyense ngati wapolisi. Ndipo n'zimene anaganiza. Amamva nkhani za anthu amene amakutchera msampha pafoni, ukafika n'kupeza kuti si chibwenzi. Anakabisala kumbuyo kwa mashelefu a chakudya cha amphaka mpaka nditatuluka.

Ndaseka, kenako ndakwiya. Ndawauza kuti atumize nkhope basi, tithane nazo. Akana, ati ndiyambe ine. Ndakananso. Tili okonzeka kuvulirana zovala zonse koma nkhope ayi. Ndikaganiza bwino, n'mmene ndakhala ndikukhalira chibwerereni kuno, ndipo sindinaonepo chachilendo mpaka lero.

A Mwale abwera kuchokera kuchipatala, alunjika kubafa. Asamba nthawi yaitali. Chakudya angochiyang'ana.

Loweruka

Ndikupemphanso chilolezo, foni ikuti ndidikire kaye masiku angapo. Ndikufufuza chifukwa chopemphera chilolezo cha mankhwala. Mutu? Dzino? Ndafunsa a Mwale ngati panado watsala, mwina ndikagule.

Iwo andiuza za wodwala wawo wa dzulo, dalaivala wa msinkhu wangawu, amene wamwalira popanda wachibale pafupi. Amene anamugwira dzanja ndi a Mwalewo, atavala magulovu awiriawiri.

“Ba Malawi, ine sinifunsa za anthu,” akutero. “Koma uyo muntu mufuna kuona, kaya ni mkazi kaya ni mwamuna, muuzeni alindileko. Ine ningabweretse matenda kuchoka kunchito, imwe mukamupatse. Khalas, nkhani yatha.”

Atatero atenga mpeni, ayamba kusenda chinanazi chija. Kaya ni mwamuna! Anena ngati akunena za nyengo. Chibadwireni palibe munthu wa chinenero changa amene ananenapo mawu amenewa pamaso panga osalavula. Ndadya chinanazi mutu uli pansi. Za panado sindinazitchulenso.

Lamulungu

Ndalembera a Mapewa kuti tidikire. Ayankha kuti palibenso chodikira. Ntchito yawathera, ndege yobweza anthu kwawo yawapezera malo, akulongedza katundu. Kamaluwa kaja asiyira mlonda wa pamdadada pawo.

Kenako foni yalira kachiwiri. Nkhope. Ati popeza akuchoka, palibenso chimene ndingawachite. Ndi nkhope wamba: tsitsi layamba imvi, mano akutsogolo ali ndi kampata, maso ndi a munthu amene sakugona bwino. Ndi wamkulu kuposa mapewa ake. Ndatumiza yanga, kapu nditavula, chidazi chili poyera. Aseka. Andiuza dzina lawo lenileni, ine ndawauza langa.

Ndiye sabata yatha choncho. Sindinakhudzidwe, ndipo sindikudziwa kuti ndidzakhudzidwa liti. Mtima ukundipweteka kuposa mmene ndimayembekezera. Pa amuna onse amene ndagona nawo mu mzinda uno, palibe ndi mmodzi yemwe amene ndingamutchule dzina. Amene ndikumudziwa dzina ndi uyu yekha, amene sindinamugwire ngakhale chala.

Chithunzi chawo ndachifufuta monga andipempha. Dzinalo muno sindilemba.