Mmene Ndinadzudzulira a Chisale pa Sipika Yawo Yomwe

Ndinayamba kudandaula Lolemba la pambuyo pa Pasaka, chaka chatha. Kalata yopita ku komiti ya msika wa Nathenje ndinailemba pawiri, ina ndinasunga. Nkhani yake inali ya sipika ya a Chisale, eni golosale yoyandikana ndi nyumba yanga, yomwe imalira ngati kuli ukwati tsiku lililonse. Komiti inangoti zii. Zomwe zinatsatira sindizinyadira.

Mwana wanga Tadala amagwira ntchito yoyesa masipika opanda waya asanapatsidwe chiphaso chogulitsira. Atabwera kudzacheza, anabwera ndi ntchito yake: sipika yatsopano m'katoni ndi laputopu ya chiwindo chakuda bii, chopanda chithunzi, chongolembamo malamulo.

"Ababa, ndikufuna mawu a munthu oyesera. Yankhulani chilichonse, ndijambule."

"Adzamva ndani?"

"Makina okha."

Ndinawerenga kalata yanga ija, n'kuthiramo ndi mchere womwe pa pepala sindikanalemba. (Munthu wopuma pa uphunzitsi ukamupatsa mpata, usadandaule.)

M'mawa mwake Tadala anathamangira minibasi ya ku Mitundu kukazonda azakhali ake.

"Lamulo ndalemba kale. Muyatse sipika yatsopanoyi, kenako mudine batani lalikululi. Laputopu ilumikiza sipika yoyamba kuipeza."

Koma ine chinthu chatsopano sindichisiya pa fumbi. Ndinali nditaibwezera kale m'katoni mwake, pamodzi ndi mapepala ake, yozimitsa bwinobwino. Ndinangokumbukira za batani. Ndinadina.

Nyimbo za kwa a Chisale zinaduka. Ndinati Mulungu wayankha. Kenako msika wonse unamva munthu akukonza kukhosi pa sipika yawoyo.

"A Chisale makutu awo ndi ongokolekapo chipewa! Ndipo a tcheyamani a komiti, kalata amaziwerenga ndi matako, poti amangozikhalira!"

Anali ine. Mawuwo akafika kumapeto ankayambiranso, chifukwa kuyesako n'kobwerezabwereza.

Ndinalemba pa chiwindo chija kuti "siya". Sizinasiye. Ndinalemba "chonde siyani", mwina makinawo amafuna ulemu. Ndinafunditsa laputopu bulangete. Kunja amayi a tomato anali atayamba kale kuyankhira ngati kwaya: "Amangozikhalira!"

Ndinaimbira Tadala.

"Ababa, ndikukumvani pawiri. Sipika mwayatsa?"

"Ili m'katoni, yosamalika."

"Mayo ine! Dinani mabatani awiri awa..." Kuseka kunam'tsamwitsa, moti anawatchula katatu ndisanamve.

A Chisale sanazimitse sipika yawo. Anakweza. Pambuyo pake anafika pa khonde langa, chipewa chili m'manja.

"Aphunzitsi, ndachivula kuti makutu agwire ntchito. Koma phokoso la lero lachokera kwanu."

Anakandisumira ku komiti, ndipo komiti inayankha tsiku lomwelo. Chikalata chondichenjeza ndachisunga.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha a tcheyamani ndi komiti yonse kuti ayankhe dandaulo langa la pambuyo pa Pasaka, popeza tsopano palibe munthu pa Nathenje anganene kuti sanalimve.